Malata a Njiri Anathera M'foni

Panangokhala. Ndati panangokhala, inu! Amene sanavomere kuti tili tonse ndamuona, maso ali pa foni. Aiike pansi, chifukwa nthanoyi ndi yake yomwe.

Panali Njiri, mwamuna wa manja olimba koma mutu wofewa. Anakakwatira kwa a Nguluwe, anatenga mwana wawo Nasimango, n'kukhala komweko pa chikamwini. A Nguluwewo sanali munthu wamba ayi. Anali namkungwi, amene analanga atsikana onse a m'deralo, ndipo pa nkhani ya ulemu panalibe wowauza kanthu.

Zaka zinayi Njiri analima munda wa apongozi ake, msana mpaka kupindika. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: chitengwa. Atenge mkazi wake apite naye kwawo, akakhale bambo pakhomo pakepake, azidzuka nthawi imene wafuna yekha. Ankhoswe atakapempha, a Nguluwe anayankha kuti:

"Mwana wanga sakagona m'nyumba yodontha. Akamange ya malata. Mvula yoyamba isanagwe ankhoswe akaione. Akakapeza ilibe denga, za chitengwa tidzakambanso zikatha zaka zina zinayi."

Njiri anaumba zidina kwawo, makoma anaima. Anagulitsa soya, anagwira maganyu, anagula malata limodzilimodzi mpaka anakwana makumi awiri ndi anayi. Anawasanja kuseri kwa nyumba ya pa chikamwini paja n'kuwapsinja ndi miyala. Ankafunika makumi atatu. Otsala asanu ndi limodzi okha, mvula ili kutali miyezi iwiri. Akanangopitiriza maganyu ake aja, bwenzi lero ndilibe chokuuzani.

Tsono kumeneko mwambo unali wakuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana m'maso, salankhulana. Mawu amadzera mwa mkazi kapena mwa ankhoswe. Akakumana panjira, wina apatukire uku, wina uko, aombe m'manja, adutsane. Ena ankangochita mwa dzina, kupatuka phazi limodzi basi. Koma awiriwa, mayo ine! Ankachita ngati pali mphoto. Njiri akangoona duku la apongozi patali, mchira njo m'mwamba, liwiro, kukadziponya patchire, kaya pali minga kaya chitedze. A Nguluwe nawo, ndi thupi lonse lija, ankadzigwetsera m'ngalande. Mudzi wonse unkawayamikira, ndipo onse awiri ankamva kukoma.

Pamsika panali Gulo, uja wa mutu wabuluu. Anali ndi kaokala patsinde pa mtengo, sola ali padenga. Ntchito yake inali kutchaja mafoni ndi kutumiza ndalama, ndiye ejenti wa m'deralo. Foni iliyonse inkaswera kwa iye kawiri pa sabata. Amene maso anayamba kuwavuta, monga a Nguluwe, ankamupatsanso kuti aziwawerengera mauthenga ndi kuwayankhira.

Tsiku lina Gulo ali pamtengo wake anaona Njiri ndi a Nguluwe akuthawana, uyu mu chitedze, awa m'ngalande. Anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwa. Kenako anasiya kuseka.

"Awiriwa," anatero yekha, "ngakhale nyumba itamapsa sangafunsane kuti chidebe chili kuti."

Anagula masimukhadi awiri. Pa ina anaikapo chithunzi cha a Nguluwe chimene anakopera m'foni mwawo, pa inayo cha Njiri atavala jekete yobwereka. Anatsegula tsamba pa intaneti, analitcha Ziswane. Anadzazapo zithunzi za nyama zitatsamira magalimoto, ndalama zili m'manja ngati masamba a chinangwa, ndi bwana mkulu wa kampaniyo, Dokotala Nkhwazi wa kutsidya kwa nyanja, amene chilengedwere palibe anamuonapo.

Njiri ali kumunda foni inalira. Kuyang'ana, chithunzi cha apongozi!

"Apongozi, mwaswera bwanji? Ndine mayi ake a Nasimango, iyi ndi nambala yanga ina. Pamaso sitingalankhulane, koma foni ilibe maso. Ndikukuonani mmene mukuvutikira ndi malata, mtima ukundiwawa. Ine ndinalowa Ziswane. Ukaika ndalama lero, pakatha masiku atatu zaswa. Dinani apa. Malo atsala awiri okha ndipo atseka mawa. Nasimango musamuuze, mwana wanga ndimamudziwa, pakamwa ndi pobooka. Tikakumana panjira musatchule kanthu, mungandichititse manyazi."

Njiri anataya khasu, anagwada. Eya, kugwadira foni! Nkhope anatembenuzira kumbali poti chithunzi chija chinkamuyang'ana, uthengawo anawerenga ndi kangodya ka diso. Anayankha kuti zikomo kwambiri. Anafufuta, anaona kuti zachepa, analembanso zikomo zitatu.

Tsono tandiuzani inu. Munthu amene wakupatsa khasu zaka zinayi osakufunsapo ngati wadya, angadzuke tsiku limodzi mtima ukumuwawa chifukwa cha malata ako? Koma Njiri zimenezo sanaganize. Iye ankangomva kukoma kuti namkungwi wamkulu wamusankha iyeyo kumuuza chinsinsi.

Tsiku lomwelo a Nguluwe anafika pa okala ndi foni yawo.

"Gulo, chalira ichi. Tandiwerengera."

Gulo anayang'ana uthenga umene analemba yekha m'mawa, anatong'ola maso.

"Aaa, amayi! Ndi a Njiri awa."

"Apongozi? Kundilembera ine? Werenga motsitsa."

Gulo anawerenga motsitsa: "Apongozi, pepani ndalimba mtima. Ndikachoka ndi Nasimango adzakulimirani ndani? Sindikugona nazo tulo. Ndapeza njira yoti mtedza wanu uja ukusungeni mpaka ukalamba, dzina lake Ziswane. Koma Nasimango asamve, angayese ndikugula chitengwa."

A Nguluwe anagwira pachifuwa.

"Wamva, Gulo? Mwana uja ulemu wake walowa mpaka m'foni. Muyankhe kuti ndamva."

Gulo anadziyankha yekha kuti amva.

M'mawa mwake Njiri anatulukira, akunong'ona.

"Achimwene, simukudziwa amene angagule malata anayi?"

"Malata? Inu si mukumanga?"

"Ndi nkhani ya pabanja."

"Basi, sindifunsa. Ndigula ndine, ndikuthandizeni. Koma mtengo wa kusitolo sindingaukwanitse."

Anatsegula kachitini, anamupatsa ndalama. Njiri anazigwira, sizinafunde n'komwe m'manja, anazibweza.

"Tsono munditumizire pa nambala iyi."

Gulo anaiyang'ana nambalayo ngati mlendo.

"Ya ndani imeneyi? Masiku ano kwachuluka akuba, achimwene. Mwafufuza?"

"Wandipatsa ndi munthu wamkulu, woti sangandinamize."

"Chabwino. Ine ndanena."

Anadina. M'phanga la mtengo kafoni kena kananjenjemera mwakachetechete. Ndalama zinabwerera m'chitini momwe zinachokera, malata anayi anatsamira kuseri kwa okala. Masana a Nguluwe anabwera ndi matumba awiri a mtedza. Gulo anagula ndi ndalama zomwe zija, anawachenjeza za akuba chimodzimodzi, ndalama zinabwereranso m'chitini.

Makasitomala atatha, Gulo anakwera pamtengo n'kuyamba nyimbo. Inali yaifupi, yofulumira ngati ya pamtondo. Inkatamanda ulemu kuti ndi munda wabwino, wolima ena, wokolola iye. Kumapeto inkafunsa kuti adzafunse mnzake ndani, n'kudziyankha yokha kuti palibe. Amayi ogulitsa tomato anaikonda, anayamba kuvomera mbali yomalizayo, osadziwa kuti akuvomera chiyani.

Atatha masiku atatu foni ya Njiri inalira. Ndalama zalowa! Anaika za malata anayi, zabwera za asanu ndi limodzi. Anathamangira kwa Gulo kukatapa, mchira uli m'mwamba.

"Zoonadi?" anatero Gulo akumupatsa. "Ndiye wotsalira ndine."

A Nguluwe nawo zawo zinalowa tsiku lomwelo. Gulo sanadandaule nazo. Amene amawedza amadziwa kuti nyongolotsi siitayika, imakabwera ndi nsomba.

Madzulo ake awiriwa anakumana panjira ya kuchitsime. Njiri anadziponya patchire, a Nguluwe m'ngalande, monga mwa masiku onse. Koma kuomba m'manja kwa tsiku limenelo kunali kwina. Njiri anaomba, anaomba, osaleka, kuthokoza. A Nguluwe atamva anati mumtima, "Akundifunsa ngati zafika," nawonso anaomba mwamphamvu. Njiri atamva anati, "Akuti ndisaope, tili limodzi." Anaomberana mpaka manja kutentha. Aliyense anapita kwawo atatsimikiza kuti mnzake wavomera, chonsecho palibe anatsegula pakamwa.

Uthenga wachiwiri sunachedwe.

"Mwaona, apongozi? Tsopano musachite chibwana. Ochenjera satapa, amabwezera momwemo. Lowani gawo la golide, kumeneko zimaswa kasanu. Nyumba ya mwana wanga ikhale ya khonde ndi mawindo a galasi."

Njiri anatuta malata khumi ndi awiri, n'kuwonjezera ndalama zimene anatapa zija. Gulo anatsegula kachitini. Njiri polandira anaona ina yong'ambika pakona, yomatidwa ndi selotepi, ikununkha usipa.

"Iyi ndikuidziwa. Si ndinakupatsani sabata yatha?"

"Ndalama zimafanana, achimwene, mayi wawo ndi mmodzi. Nditumize?"

"Tumizani."

"Mwafufuzadi?"

"Aaa, inunso! Simunaone ndi maso anu?"

A Nguluwe anabweretsa matumba asanu, ndipo ya selotepi ija inadutsanso m'manja mwawo. Gulo anakweranso pamtengo. Ulendo uno nyimbo ija anaikoka pang'onopang'ono ngati ya paukwati, anawonjezera ndime yonena kuti kachitini kamodzi kagula nyumba ndi nkhokwe. Ovomera anachuluka, ndi anyamata a kabaza omwe analowerera, n'kumayankha kuti wofunsa palibe.

Kuyambira pamenepo Njiri khasu analiwala. Ntchito inali kutsegula tsamba la Ziswane. M'mawa nambala yakula, masana yakula, ikungofufuma ngati chitumbuwa m'mafuta. Iye ankangomwetulira yekha. M'mutu mwake nyumba inali itatha kale, anali atayamba kusankha mtundu wa penti.

Nasimango anamuyang'ana masiku awiri, lachitatu anafunsa.

"Bambo, malata aja akuchepa bwanji?"

"Ndikututira kwathu pang'onopang'ono."

"Nthawi yanji? Ine sindinakuoneni mutasenza."

"Za amuna uzisiye, mkazi."

"Nanga amene mukumwetulirana naye m'fonimo ndi ndani?"

"Netiweki."

"Netiweki imaseketsa?"

Njiri anatuluka panja. Nasimango anapita kwa mayi ake, anasuzumira m'nkhokwe.

"Amayi, mtedza uli kuti?"

"Ndakasungitsa. Makoswe achuluka."

"Kwa ndani?"

"Iwe, ndinakulanga ndine. Mwana safunsa akulu mafunso awiri."

Mitambo inayamba kusonkhana, kunja kukutentha kwa mvula. Njiri anati basi zakwana, nditape ndikagule malata, misomali ndi penti yomwe. Anadina. Tsamba linayankha kuti:

"Tikukunyadirani Bwana Njiri! Chuma chanu chafika pachipata. Kuti chituluke, lipirani kaye msonkho wa pachipata lero lomwe dzuwa lisanalowe. Mukachedwa zonse zipsa."

Apa ndiye kwa nthawi yoyamba Njiri anakayikira. Kulipira kuti andipatse zanga zomwe? Analembera apongozi.

"Pepani apongozi, akuti ndilipire kaye. Kodi zimatero?"

Yankho linabwera asanaphethire.

"Kodi mukundikayikira ine? Zaka zinayi mukudya pakhomo panga! Ine ndalipira dzulo ndipo zanga zafika. Ngati mukundiyesa wabodza nenani, ndiitane ankhoswe."

Njiri anauwerenga kawiri. Komabe kamtima kankamuuza kuti ayi, pali kanthu apa. Ananyamuka, anayenda mpaka pa mpanda wa apongozi ake. Anasuzumira. A Nguluwe anali pakhonde, foni ili m'manja, nkhope ili khwinya, chifukwa nawonso Gulo anali atangowawerengera za msonkho wa pachipata, ndi uthenga wa mkamwini wodandaula kuti akumukayikira. Pakati pawo panali mapazi khumi okha. Funso limodzi, anthuni! Mawu atatu: kodi munandilembera ndinu? Funso lomwelo linali pakamwa pa onse awiri.

A Nguluwe anatukula mutu. Anaona makutu a Njiri pamwamba pa mpanda. Njiri anaona duku likutembenuka. Uyu liwiro mu chitedze, awa kugubuduka kulowa m'nyumba, chitseko phwa! Kenako kuomba m'manja kunamveka uku ndi uku. Ine ndikafika pamenepa mtima umandipsa, moti ndikanakhalapo ndikanawagwira makutu onse awiri n'kuwagundanitsa mitu.

Njiri anatuta malata asanu ndi atatu otsala aja, ndi chitseko chomwe anali atakhometsa kale.

"Onse?" anafunsa Gulo. "Nanga miyala yopsinjira ija mwaisiya bwanji?"

"Musaseke, achimwene. Mawa lino mudzandipempha ntchito."

"Ndidzabwera m'mamawa."

A Nguluwe anabweretsa matumba atatu omaliza, ndi mtedza wa mbewu womwe. Tsiku limenelo Gulo anaimba ali pansonga penipeni pa mtengo, mawu onse atatsegula. Msika wonse unavomera, ena akuvina. Njiri akubwerera kunyumba nyimbo ija inamukomera, nayenso anayamba kuvomera kuti wofunsa palibe, akugwedeza mchira.

Mawa lake tsamba linati dikirani. Mkuja linati Dokotala Nkhwazi ali pa msonkhano. Tsiku lachitatu tsamba silinatseguke n'komwe. Njiri analembera apongozi, uthenga sunapite, ndi chithunzi chomwe chinali chitachoka. Anati ndi netiweki. Anakwera pachulu, foni m'mwamba, mchira m'mwamba, anaswera pomwepo.

Tsiku la ankhoswe linakwana. A Nungu, nkhoswe ya Njiri, anapita kukaona nyumba, anabwerako nkhope itagwa. Anakhala monga mwa mwambo: Njiri kuseri kwa nkhokwe atafulatira, a Nguluwe pakhonde nkhope ili kukhoma, Nasimango pamphasa, a Nungu pakati kunyamula mawu.

"Ndakaona," anatero a Nungu. "Makoma alipo abwinobwino. Denga ndi mitambo."

"A Nungu," anatero Njiri, "auzeni apongozi kuti za dengalo akuzidziwa okha. Apirire pang'ono. Zija zikangotuluka ndikhoma tsiku limodzi."

A Nungu anayenda mpaka pakhonde. "Akuti mukudziwa nokha."

"Auzeni apongozi kuti chimene ndikudziwa ine n'chakuti mtedza wanga matumba khumi sunabwere. Afunseni kuti anzawo a Ziswane akuti bwanji."

A Nungu anabwerera. "Akuti anzanu a Ziswane."

"Anzanga? Auzeni mwaulemu kuti anandilowetsa ndi iwowo."

A Nungu anapitanso.

"Ine? Kauzeni, ulemuwo muusiye panjira, kuti anandilowetsa ndi iwowo!"

A Nungu anaima pakati, minga zonse zitaima.

"Ine miyendo yatopa. Ziswaneyu ndi ndani? Ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi? Bwanji sanabwere pa mlanduwu?"

Nasimango anadzuka pamphasa. Sanapemphe. Anapita kuseri kwa nkhokwe, anatsomphola foni ya mwamuna wake, anapita pakhonde, anatsomphola ya mayi ake. Anaima pabwalo n'kuyamba kuwerenga mokweza, uthenga wa uku, uthenga wa uko. Atafika pa mawu akuti pakamwa ndi pobooka anaima.

"Amayi, munalemba izi ndinu?"

"Ine? Chibadwire ndinalembapo uthenga ine? Amandilembera ndi Gulo, iwenso ukudziwa."

"Bambo, inu munalemba kuti simukugona tulo poganizira ukalamba wa amayi?"

"Ine? Ine ndimagona bwinobwino."

"Nambala iyi si ya amayi. Iyi si ya bambo. Mwakhala mukugwadira ndani anthu inu?"

Kenako Njiri anatembenuka pang'onopang'ono, anatuluka kuseri kwa nkhokwe. A Nguluwe nawo anachotsa nkhope kukhoma. Anayang'anana m'maso, koyamba pa zaka zinayi. Njiri anaona kuti chimene wakhala akuchithawa mu chitedze ndi mayi wokalamba chabe, wa maso ofiira ndi mantha. A Nguluwe anamuyang'ana kuyambira kumakutu mpaka kumano.

"Nasimango," anatero, "kodi nkhope yake ndi yotereyi?"

Nasimango sanaseke. Misozi inali mbwembwembwe, koma ya ukali.

"Nkhuku imodzi! Mwambo womwewu umati pakatha chaka mkamwini apereke nkhuku, apongozi alandire, manyazi athe, azilankhulana. Anzanu onse anapereka kalekale. Inu ayi, mumafuna mudzi uzikuomberani m'manja. Ndinakufunsani nonse awiri. Wina akuti za amuna, wina akuti mwana safunsa. Pakamwa pobooka pomwepa pakanakupulumutsani!"

Anapita onse kumsika, Nasimango patsogolo. Kuseri kwa okala kunalibe lata ngakhale limodzi, ngolo inali itatuta dzulo lake. Gulo anali pathebulo lake akupukuta sola.

"Takulandirani! Banja lonse pamodzi? Zachilendo."

"Malata anga!" anakuwa Njiri.

"Anu ati? Munandigulitsa dzuwa likuswa mtengo, amayi a tomato akuona. Ndinakulipirani kapena ayi?"

"Munandilipira, koma..."

"Ndalamazo munati nditumize. Ndinatumiza kumene munanena kapena kwina?"

"Kumene ndinanena."

"Ndinakuchenjezani za akuba kapena ayi?"

"Munandichenjeza."

"Anakuuzani za Ziswane ndani, achimwene?"

"Apongozi."

"Ndiye si awa ali apawa? Afunseni."

Nasimango sanataye nthawi ndi zokambazo. Anaimba nambala yabodza ija. M'phanga la mtengo munamveka kunjenjemera, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Onse anatukula mitu. Gulo anali atachoka kale pathebulo. Njiri anazungulira mtengo, Gulo ali kuseri. Anazungulira mbali inayo, Gulo ali kuseri. Ali komweko anatsegula kafoni, anazula masimukhadi onse awiri, anaponya m'kamwa. Sanatsike bwino. Anakakamira pakhosi, iye n'kumagwedeza mutu kuti atsike, ndipo mukamuona lero pamtengo mudzapeza akugwedezabe.

"Foni yanji?" anafunsa ali pamwamba, mawu atasasa. "Ine ndamva njuchi."

"Tikupita kupolisi," anatero Nasimango. "Mauthenga onse ali m'mafonimu."

A Nguluwe anamugwira mkono.

"Iwe, khala chete. Ukufuna dziko lonse limve kuti namkungwi anagwetsedwa ndi buluzi? Adzanditumiziranso mwana wake ndani kuti ndimulange? Nkhaniyi ithere pano."

"Amayi, matumba khumi!"

"Ndati ithere pano."

Njiri naye anang'ung'udza kuti anzake a kubawo akamva sadzatulukanso m'nyumba. Gulo anamva zonse ali pa nthambi. Anaseka, ngakhale pakhosi pankamupweteka, chifukwa anadziwa kuti manyazi omwe anamutsegulira chitseko ndi omwenso amutsekera m'mbuyo. M'mawa mwake kaokala kanali pululu. Akuti anakatsegula kena kutsidya kwa mtsinje, ka denga lonyezimira.

Atabwerera kunyumba Njiri anagwada pamaso pa a Nguluwe, ulendo uno akuwayang'ana.

"Apongozi, tonse taberedwa. Makoma alipo. Ndifolere udzu chaka chino, malata ndidzagula. Tiloleni tizipita."

"Tonse taberedwa, eya. Ndiye mukachoka ine ndidya chiyani? Nkhokwe mwaiona. Ndi mbewu yomwe ndilibe."

"Koma apongozi..."

"Ndinati denga la malata. Lilipo?"

"Palibe."

"Zaka zinayi."

Njiri analira. Sanabise ayi, analira ngati mwana, mamina ndi misozi, chifukwa nyumba ija anali ataigonamo kale mumtima mwake. Nasimango analowa m'nyumba, anamasula katundu amene anali atayamba kumanga, ndipo sabata yathunthu sanalankhule ndi mwamuna wake kapena mayi ake. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi. Makoma a zidina opanda denga aja anapirira mvula ziwiri, yachitatu anakhala pansi n'kubwerera kudothi.

Tsiku lina Njiri ali m'munda womwe uja, ndi khasu lomwe lija, foni inalira. Chithunzi cha apongozi, nambala ina yatsopano.

"Apongozi, mtima ukundiwawa ndi zimene zinachitika. Ndapeza akatswiri amene amabweza chuma cha oberedwa ndi Ziswane. Malata onse abwera. Mungolipira kangachepe ka fomu lero lomwe. Nasimango asamve."

Njiri sanagwade. Anaweramuka, anayang'ana kumalire a munda, kumene a Nguluwe ankabzala mtedza wopempha kwa anansi. Anakuwa mpaka mbalame zinauluka.

"Apongoziii! Mwandilembera ndinu?"

A Nguluwe sanaweramuke n'komwe.

"Si ine! Ndipo mzere wanuwo wakhota, ubwerezeni!"

Njiri anaika foni m'thumba, analavulira m'manja, anabwerera kumayambiriro a mzere.

Yanga yathera pamenepo. Mbatata ili pamotoyo kaphuleni nokha, musatume munthu amene simunamuone nkhope.